Atsekwe a Pakhoma la Apongozi

Apongozi anga, mayi Tatsuko, sakana munthu ndi pakamwa. Amakana ndi khoma. M'chipinda chathu cha alendo kuno ku Kanazawa muli msomali umodzi, ndipo m'kabati asungamo zithunzi zam'mafelemu, zokopera ku zakale zija zodinda ndi thabwa. Nza pamakina, zogula m'sitolo ya kusiteshoni, koma amazipukuta ngati makanda. Nyengo ikasintha, chithunzi chimasintha. Kukamabwera mlendo, amasankha chomuyenera.

Amayi anga atamwalira, bambo anga anatsala okha kumudzi, maso akuchita khungu. Ndinapempha mwamuna wanga Kiyoshi kuti bambowo adzakhale nafe. Chipinda chilipo, chimangogona makatoni.

"Tiwafunse amayi," anatero Kiyoshi. Munthu imvi mbuu, koma mpaka lero ndi tiwafunse amayi.

Apongozi anangoti, "Abwere adzamwe tiyi."

Bambo anabwera pasitima masamba atafiira, nthawi imene atsekwe amafika kuchokera kumpoto. Ananyamula chikwama chachikulu, mtima uli m'malo kuti basi afika.

Nditatsegula chipinda cha alendo, maso anga anathamangira pamsomali paja. Pakhoma panali atsekwe akuuluka kubwerera kwawo, pansi mitengo ili maluwa okhaokha. Chithunzi cha nyengo yonyamuka chimenecho, chopachikidwa ndi mayi amene chibadwire sanaphonyepo nyengo. Kiyoshi anachiona nayamba kuyang'ana zikhadabo zake.

Mlendo sakhala pansi asanayamikire chithunzi. Bambo anagwada, nawerama, nasuzumira.

"Nchokongola, mayi," anatero. Kenako anatembenukira kwa ine. "Fusae, mwanangu, maso andikana. Pali chiyani?"

"Atsekwe, bambo."

"Eya, ndi nthawi yake. Akutera m'munda?"

Ndinafuna kunama, ndipo bodza linali kale pa lilime. Apongozi, akuthira tiyi, anati, "Afotokozereni bwino bambo anu, Fusae."

"Akuuluka, bambo. Pansi pali maluwa."

"Maluwa," anatero bambo. "Oo."

Anamwa tiyi yense. Anayamikira kapu, anayamikira dimba limene sankaliona, anafunsa za nyamakazi ya apongozi. Apongozi anayankha mokoma, nawonjezera tiyi. Ndinawada tsiku limenelo, sindibisa, koma Kiyoshi ndinamuda koposa, chifukwa msomaliwo uli m'nyumba mwake.

Pakhomo, ndikuwaveka nsapato, bambo anandinong'oneza, "Chikwamacho usamasule."

"Ndilankhula nawo, bambo. Chipinda chilipo."

"Iyayi. Amayiwa ndi aulemu, andiyankha osandichititsa manyazi. Ukawakakamiza atulutsa mawu, ndiye wokhala nawo muno ndiwe." Anafufuza phewa langa naimirira. "Sitima yamadzulo ikadalipo?"

Inalipo. Kiyoshi anathamangira chikwama, akuti bambo asavutike.