Chitseko cha Roja Wathu

Ndinkachapa mabulangete kumpopi pamene Sheba, mnansi wathu, anafika akuseka mpaka kugwira m'mimba. Anati ndithamange, nkhuku zathu zadzaza msewu wonse wa m'lokeshoni yathu ya Gaza.

Amuna anga, a Eliasi, ndi kapitawo ku esiteti ya tiyi, ndipo amabwera kunyumba Loweruka lokha. Ankafuna kuti roja wathu, Felizarda, amene ankachita lendi pakhomo pathu, atuluke m'chipinda chakuseri kuti mulowe mphwawo. Ndinawauza kuti mtsikanayo ali ndi khanda ndipo alibe kopita. Sanandimvere, choncho nkhaniyo ndinangoisiya m'manja mwa Mulungu. Tsiku limene ndinkachapalo anaimbira foni kalipentala Jaison kuti akazule chitseko cha chipindacho, monga amachitira ena pofuna kuthamangitsa roja.

Chimene sankadziwa n'chakuti denga lakuseri linayamba kudontha. Ine ndinali nditasamutsira Felizarda m'chipinda chouma chakumaso, mmene tinkasungira nkhuku zogulitsa, nkhukuzo n'kuziika kuseri. Jaison anazula chitseko molimbika ndithu, nkhuku n'kumuwulukira kumaso.

Tinazithamangitsa tonse. Amayi ogulitsa nthochi anasiya malonda awo. Tambala wina analowa mu kombi, kondakitala n'kumufunsa ngati akutsikira m'tauni. Ine ndinataya patapata mu ngalande, ndikuseka ngati mwana. Felizarda, khanda kumsana, ankazikola ndi chitenje, ndipo anagwira zambiri kuposa tonsefe. Atatha anandibweretsera madzi akumwa asanamwe yekha.

A Eliasi anafika madzulo thukuta lili kamukamu, atamva nkhani pafoni. Anapeza anthu ali pakhomo. A Kalebe, mkulu wa mpingo wathu amenenso ali ndi maroja, anawauza mofatsa kuti lamulo sililola mwininyumba kuzula chitseko. Roja amapatsidwa notisi, akakana nkhani imapita kukhoti.

"Mwayi wanu ngwakuti nkhuku sizidziwa njira ya kukhoti, achimwene," anatero Sheba.

Anthu anafa nazo nseko. Amuna anga anafunsa kuti wagwira nkhuku zonsezi ndani. Ndinangoloza ndi maso. Iwo anavula chipewa, n'kupita pamene Felizarda anakhala akuyamwitsa.

"Amake mwana, chipindacho khalanimo, mphwanga ndimufunira kwina," anatero mokweza kuti onse amve. "Ndinakulakwirani. Ndikhululukireni."