Miyala Yoterera ya a Mokbul

Shiuli anaima pachipata cha a Mokbul atanyamula ndowa yopanda kanthu, akudikira kuti manyazi amuchoke. Sanamuchoke.

Tiana ta nsomba zikwi makumi anayi tinali titayamba kupumira pamwamba m'matanki ake ku Chanchra. Cholakwa chinali chake: anathira mankhwala a zilonda m'madzi osatseka paipi yopita kusefa. Mankhwalawo anapha tizilombo tosaoneka ndi maso tokhala pamiyala ya m'sefamo, tomwe timadya amoniya wotuluka m'matupi a nsomba. Kuti tichulukenso tokha panafunika milungu inayi. Nsombazo zikanapirira masiku awiri okha.

Ndipo a Mokbul, mkhalakale pa ulimi wa nsomba, ndi omwe iye anawatsutsa pamsonkhano chaka chatha, anthu n'kuwaseka.

"Eee, adokotala a madzi!" anatero mkuluyo akutafuna tsamba la paani. "Mwabwera kudzatiphunzitsanso?"

"Ndabwera kudzapempha, amalume. Miyala ya m'sefa yanu. Yoterera ija, ya tizilombo tamoyo."

"Digiri yonse ija, lero ukufuna uve wanga?"

"Mbewu ya chambiko amayi amadzapempha pakhomo pano. Sanabwezedwepo."

A Mokbul analavula. Kenako anapinda lungi, nsalu yawo ya m'chiuno, navuula okha miyala khumi ndi iwiri yonunkha thope.

"Isaume panjira."

"Ndikudziwa."

"Iwe umadziwa zonse."

Shiuli anavundikira ndowayo ndi mpango wake wonyowa, nakaika miyalayo m'sefa yake. Nsomba zikwi zitatu zinafa. Zotsalazo zinatsikira pansi n'kuyambanso kudya.

Patapita mwezi a Mokbul anatulukira, akuti adzatenge ndowa yawo, ngakhale ndowayo inali ya Shiuli. Anazungulira sefa, n'kuima pa thanki ina yotseka.

"Nanga umu ukubisamo chiyani?"

"Tizilombo ta pamiyala yanu tija timasandutsa amoniya kukhala mchere wosapweteka kwambiri, koma umatsala m'madzi. Ta mumdima muno timaumaliza, n'kuutulutsa ngati mpweya. N'chifukwa chake ine sinditaya madzi mlungu uliwonse ngati anthu ena."

"Anthu ena ake ati?"

"Sindinatchule munthu, amalume."

Mkuluyo anakweza chivundikiro. Tithovu tinkakwera kuchokera pansi, n'kuphulika mwakachetechete.

"Anakumangira ndani?"

"Ndekha."

A Mokbul anapisa dzanja mpaka m'chigongono, natulutsa mwala wakuda, naununkhiza. Shiuli anatembenukira kwina ngati akuwerenga nsomba, ndipo sanacheuke mpaka mwalawo utalowa m'thumba la malaya awo.