M'kati mwa Kamba

Chaka chilichonse tauniyo inkachita chikondwerero cha zamoyo za m'nyanja, ndipo chaka chilichonse ankavutika kupeza munthu wovala kamba. Chovalacho chinali cha siponji ndi makatoni, chonunkha thukuta la onse amene anachivalapo. Koma ulendo uno Natsache, amene ankasesa ndi kupaka polishi mu holo ya khonsolo, anakweza dzanja atcheya a chikondwererocho asanamalize n'kufunsa komwe.

"Mwadwala kapena?" anatero atcheya. "Chabwino. Koma mumve: kamba salankhula, ndipo mutu suvulidwa pamaso pa ana. Wa chaka chatha uja anavula kuti alavule, ana ena mpaka lero akulirabe."

Chifukwa chake Natsache sanauze munthu. Ana a sukulu zonse ankabwera kudzajambulitsa ndi kamba, ndipo mwa iwo munali mwana wake wamkazi. Banja litatha, mwamuna anatenga mwanayo n'kukwatira wina, amvekere mayi akamabwerabwera mwana amasokonezeka. Chomwe chinamutsalira Natsache chinali kuima patali ndi geti ya sukulu nthawi yoweruka. Ankangofuna kudziwa ngati mwanayo akumukumbukirabe.

M'kati mwa kamba dziko linali laling'ono. Ankaonera pa kaneti ka pakamwa, ndiye zomwe ankaona ndi malamba, mawondo ndi nsapato. Anamva asodzi okalamba akuimba nyimbo zokokera boti atakhala pamipando ya pulasitiki. Anamva bwana wina akulankhula zoteteza mazira a akamba, maiki ikulira ngati kamwana ka mbuzi. Anthu ankamukumbatira, kumugogoda pachigoba, kumufunsa ngati ndi wamwamuna kapena wamkazi. Chibadwire anali asanakumbatiridwepo chonchi, koma onsewo ankakumbatira siponji.

Dzuwa lili paliwombo anaona timiyendo ta mwana wake. Anatizindikira ndi chipsera cha simbi pabondo. Chingwe cha nsapato imodzi chinali chitamasuka. Pambali panaima mkazi watsopano uja, foni ili m'manja.

"Ima bwino iwe, tamwetulira!" anatero mkaziyo. "Ukuopa chiyani? Ndi munthutu ameneyo, wangovala makatoni."

Natsache anagwada. Anafuna kumanga chingwe chija, koma zipsepse za kamba zinalibe zala, ndiye anangosisita nsapatoyo ngati akuipepesa. Anatsala pang'ono kutchula dzina la mwana. Akanalitchula, nkhani ikanafika kwa bambo ake tsiku lomwelo, ndipo ngakhale za pageti zija zikanathera pompo.

Mwana anasendera, n'kuika mphuno pakamwa pa kamba. Anakhala chomwecho kanthawi.

"Amami, kambayu akununkhira polishi ngati amayi anga."

"Ine ndimanunkha polishi ine?"

"Inu ayi. Amayi anga akale aja."

"Tiye uko, usandichititse manyazi. Anzako akudikira pamzere."

Mwana anagwira chipsepse ndi manja awiri n'kuchigwedeza. "Tsala bwino, kamba." Anapita chingwe chikukwekwereka mumchenga, ndipo kaneti kanadzazanso ndi mawondo a ana a eni.

Chikondwerero chitatha, atcheya anamupeza m'chipinda chosungira mipando atakhala pa ndowa yovundikira, mutu wa kamba uli chivalire.

"Vulani tsopano, ana apita. Mwagwira ntchito inu, ngakhale kutsokomola ayi! Simunapse m'menemo?"

Kamba anapukusa mutu.

"Nanga chaka chamawa, tisake wina?"

Kamba anapukusanso mutu, mwamphamvu, mpaka diso limodzi la katoni linapendekeka.

Atcheya anaseka. "Anthu ena inu! Mukatseke mukamatuluka."

Natsache anatsala yekha ndi mipando yosanjikizana. Kunja ankakweza matenti pa lole. Akale, inde, mwana ananena choncho. Koma anamudziwa ndi fungo, kudutsa siponji yonseyo. Anakhala m'menemo mpaka thukuta linazizira, kenako anavula mutu, n'kuuika pashelefu mosamala, n'kutenga tsache.