Zitini za Louisa

"Akangowaona maluwa ake, Louisa sakweranso sitima. Muzaona!" Anatero ba Whyson Mhango, atatsamira waya wolekanitsa nyumba zathu ku Maramba, chifuwa chili patsogolo ngati tcheyamani wa chipani.

Louisa anali mkazi wawo. Anapita ku Kabwe mvula isanathe, kukathandiza mwana wawo Jenny amene anali atangobereka. Khandalo linafika pokwawa, agogo ake ali komweko. Ife a m'komboni chifukwa tinkachidziwa. Ba Whyson atapuma ntchito ya njanji anasandutsa nyumba kukhala siteshoni: tiyi pa nthawi yake, madzi osamba pa nthawi yake, mkazi akachedwa amve kukuwa ngati huta ya sitima. Tsopano anatsala okha ndi wailesi, mipando iwiri, ndi maluwa.

Maluwawo Louisa anapatsidwa ndi dona amene ankamlerera ana, pamene azungu ankamanga katundu ufulu utabwera. Donayo ankawatchula kuti impeshensi. Timitengo take n'tofewa, todzaza madzi, maluwa ofiira ndi apinki, ndipo kathumba ka njere ukangokakhudza kamaphulika. Louisa ankawadzala m'zitini za mafuta ophikira, kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, kumene dzuwa limafika mochita kupempha.

Kunena zoona, mkuluyo anawasamala. Ankathirira m'mawa ndi madzulo, kuthira manyowa a nkhuku, kutsina nsonga kuti nthambi zichuluke. Mpopi ukauma ankatsika ndi ndowa kumtsinje, amayi a m'komboni akuwaseka. Nthawi zina ndinkawamva akulankhula ndi maluwawo kuseriko.

"Mwamwa, amayi? Mwakhuta?"

Mawu ofatsa chonchi Louisa sanawamvepo m'nyumba imeneyo.

Kenako Munsaka, gadi wa m'sitima, anabweretsa uthenga: Louisa afika pa tsiku la ufulu. Sabata imeneyo a chipani anali atalamula kuti aliyense apake laimu miyala ya pakhomo, msewu uoneke bwino. Ba Whyson anapaka mpaka tsinde la papaya. M'mamawa wa tsikulo ndinawapeza akunyamula zitini kuchoka kuseri, n'kuzindanda pageti ngati apolisi a pa perete.

"Ba Whyson, ni Okutobala uyu," ndinatero. "Zuba ya kuno iwotcha na abuluzi."

"Iwe Muleya, unaonapo chimanga chikula mu mthunzi? Maluwa abwino so, kubisa kuseri monga kachasu? Louisa anali kuwamana dzuwa. Manje awaone akali pa kona."

Chitini chimodzi anachisiya pansi pa mango. Chinalibe duwa, masamba ake ziwala zitadya. "Ichi chingandichititse manyazi," anatero. Anavala suti, napita kusiteshoni.

Ine maluwawo ndikanawabwezera kumthunzi, koma anyamata a chipani anatikusa tonse kupita kubwalo kukawomba m'manja. Wokana, mawa lake pamsika salowa. Sitima nayo, imene inayenera kufika m'mawa, inalowa dzuwa litapendeka. Munthu wa njanji akanayenera kudziwa zimenezo kuposa tonsefe.

Ndinabwerera m'manja mukuwawa, n'kuwaona akubwera. Ba Whyson anali patsogolo, jekete lili paphewa, akulankhula mokweza kuti msewu wonse umve. Louisa ankatsatira, atanenepako pang'ono. Sutikesi analibe. Ananyamula dengu lopanda kanthu.

Pageti anaima. Zitini zinali zotentha ngati mbaula. Timitengo tonse tinali titagona m'mphepete mwa zitini, lende, ngati bonongwe wofutsa, maluwa atamatirira pamalata.

"Afuna chabe madzi," anatero ba Whyson. "Muleya, thamanga na ndowa!"

Louisa anagwada, natsina kamtengo kamodzi. Kanaphwanyika m'zala zake ngati phala. Sanakalipe. Anapukuta zala pachitenje, nazungulira kuseri osalowa m'nyumba, mmene munali makapu awiri otsukidwa kale patebulo. Anatulukira atanyamula chitini chija cha manyazi, nachikhazika bwinobwino m'dengu, n'kuphimba ndi kansalu konyowa.

"Ndinabwerera awa, a Mhango," anatero. "Kwa Jenny kuli khonde la mthunzi."

Kenako anatembenukira kwa ine.

"Ba Muleya, sitima ya ku Kabwe inyamuka nthawi bwanji?"