Zigoba za Mazira mu Thanki Yachitatu

Mu labu munali mathanki atatu a nkhono za mumtsinje, zija za zigoba ziwiri. Mtsikana wosamalira mathankiwo ndiye ankayeza madzi m'mawa uliwonse n'kulemba m'buku. Mwini kafukufuku anali dokotala wachinyamata, ndipo mtsikanayo ankamukonda chamumtima, osauza ngakhale mng'ono wake.

Nkhono imamanga chigoba ndi kashiyamu wa m'madzi. Akasowa, imasungunula chigoba chake chomwe kuti m'magazi asaperewere. Thanki yachitatu dokotala anaimana kashiyamu dala, kuti aone mmene nkhonozo zipiririre.

Pofika mwezi wachiwiri zigoba za m'menemo zinapyapyala ngati chikhadabo cha khanda. Mtsikanayo zinamumvetsa chisoni. Anayamba kusinja zigoba za mazira kunyumba, n'kumawaza pang'ono m'thankimo anthu asanafike. M'buku ankangolemba manambala akale.

Lachinayi lina dokotala anamuitana, nkhono ili m'manja, madzi akuchucha mpaka m'chigongono.

"Asisi, tabwerani mugwire! Zalimbanso, popanda kashiyamu! Kaya zikumutenga kuti, kaya zikuba kwa aneba. Mawa ndikukaonetsa apulofesa ndi gulu lonse. Dzina lanu likakhala pafupi ndi langa papepala la kafukufukuyu."

Mawu amenewo anali atawalota kambirimbiri akutsuka mabotolo. Lero anamuwotcha makutu. Akangokhala chete, munthuyu akaima pamaso pa akuluakulu atanyamula bodza losadziwa.

Mtsikanayo anapisa dzanja m'thumba la gauni, natulutsa kapepala ka ufa woyera, nakaika patebulo.

"N'chiyani ichi? Mwayamba kugulitsa soda?"

"Zigoba za mazira, adokotala. Ndakhala ndikuthira. Zimandimvetsa chisoni."

"Nanga m'bukumu?"

"Ndimanama."

Pampu ya mpweya inkangoti bwibwibwi. Dokotala anabweza nkhono ija m'madzi mosamala, napukuta manja nthawi yaitali. Mtsikanayo ankayang'ana nsapato zake, akudikira kuti amukalipire, mwina mtima ungapepuke.

"Munayamba liti?"

"Masabata asanu apitawo."

Dokotala anatenga foni.

"Apulofesa, pepani, za mawa zija tiimike kaye. Thanki yachitatu yawonongeka. Ayi, palibe wina. Ndine amene sindinayang'anire bwino."

Atadula foni sanamuyang'ane. Anamukankhira buku lija ndi cholembera.

"Tsiku lililonse limene munathira, ikani mtanda."

Mtsikanayo anakhala pansi, natsegula tsamba loyamba. Mitanda inali yambiri.