Masitepe Makumi Anayi a Bambo

Katapila yokumba misewu inali itafika kale pamsewu, dalaivala atasanjika mapazi pachiwongolero. Anatipatsa mpaka 2 koloko. Tikalephera kumuonetsa pomwe chingwe cha faiba chinakwiriridwa, iye akumba basi.

Chingwecho ndi cha makampani atatu, ndipo aliyense ankayesa kuti mapu akusunga mnzake. Chikaduka, theka la mzinda likhala lopanda intaneti, ndipo woyamba kuitanidwa ku ofesi ndine, woyang'anira chigawochi. M'faelo ndinangopezamo kapepala kamodzi: "Bokosi lolumikizira zingwe: masitepe 40 kuchokera pakona ya positi ofesi, kulowera kum'mawa." Zolembazo ndinazizindikira. Bambo anga ndiwo anali kapitawo wa okumba zaka makumi awiri zapitazo, ndipo tepi yoyezera ankaiona ngati yochedwetsa ntchito.

Mnzathu wina wamtali amene timamutcha Nsungwi anawerenga masitepe ake n'kukumba. Dothi lokhalokha. Wina wamfupi anayesa, chimodzimodzi. Makina ofufuzira nawo anangoti zii, poti faiba ndi galasi, si chitsulo.

Ndinapita kukawatenga bambo kunyumba. Anatsika m'galimoto ndi ndodo yawo, atavala jekete ngati akupita kumsonkhano. Anaima pakona paja n'kuyamba kuwerenga mokweza. Makumi anayi anakwana asanafike n'komwe padzenje la wamfupi uja. Anayang'ana mapazi awo nthawi yaitali.

"Msewuwu mwautalikitsa kodi?" anatero.

Anyamata anaseka pang'ono.

Kenako bambo anandiloza ndi ndodo. "Tayenda ndiwe, mwanawe."

Chiyambire ubwana anthu akhala akundiseka kuti ndimaponya miyendo ngati bambo anga. Azakhali ankati mtsikana woyenda choncho amuna amamuthawa, moti ndinadziphunzitsa kuyenda mwaulemu. Ndinayamba ndi kayendedwe kaulemu komweko.

"Ayi, osati za mu ofesizo!" anakuwa bambo. "Yenda ngati basi ikukusiya."

Ndinabwerera pakona, n'kuvula nsapato zazitali zija, Nsungwi n'kundibwereka majombo ake. Ndinayenda mmene miyendo yanga imafunira, manyazi onse nditawasiya pakonapo. Bambo ankawerenga kumbuyo kwanga. Pa makumi anayi ndinaima pakati pa maenje awiri aja.

Nsungwi anamenya piki kanayi. Kachisanu inagunda chivundikiro cha simenti. Dalaivala wa katapila anatsitsa mapazi, nabwera kudzasuzumira, ndipo tinamulembera mzere ndi penti wofiira. Nthawi inali itatsala mphindi makumi awiri.

"Mwaona? Mapu ndinasunga bwino ine," bambo anauza anyamatawo, akundisisita paphewa.

Ndikuwakweza m'galimoto, anandigwira dzanja n'kutsitsa mawu.

"Tsopano katenge tepi uyeze, ulembe mamita. Nawenso miyendo idzakuthera."