Bokosi la Takondwa pa Chambe

Ndakhala ndikusenza katundu wa alendo kukwera naye phiri la Mulanje kwa zaka zoposa makumi awiri, ndipo palibe amene anadandaulapo kuti Alufeyo wandinyowetsera chikwama. Ndanyamulapo matenti, mapoto, mabotolo a vinyo, ngakhalenso mzungu wina wonenepa amene anabinya phazi potsika. Katundu yekhayo amene anandichititsa manyazi anali wa mphwanga weniweni, mwana wa mlongo wanga Esteri.

Dzina lake ndi Takondwa. Mayi ake amathyola tiyi pa esiteti, koma iye ali ku yunivesite ku Zomba, akuchita digiri yachiwiri ya fizikisi. Mwana ameneyu m'mutu mwake mumakhala anthu awiri. Wina ndi wa manambala, winayo ndi wa zojambula ndi tizidole. Ali wamng'ono ankajambula ndi makala pa zipupa za nyumba za pa esiteti, mpaka kapitawo anabwera kudzakalipa. Kapitawo atangotembenuka, Takondwa anamujambula iyeyo, mimba yake ndi chipewa chomwe. Atakula sanasiye. Amaphwasula mawailesi akufa n'kuwadzutsa, amapanga timagalimoto ta mawaya toyatsa magetsi, ndipo zaka ziwiri zapitazi wakhala akujambula buku la nkhani ya zithunzi. Nkhaniyo ndi ya mayi wina wonyamula katundu amene ntchito yake ndi kusenza mitambo m'mawa uliwonse kukaitula pamwamba pa phiri.

Anafika ku Likhubula, m'munsi mwa phiri, mu Juni, mwezi wozizira, atanyamula bokosi lakuda lalikulu ngati la nsapato, mabatire awiri, kasola, ndi mtolo wa mabuku ake aja atawasindikiza.

"Amalume, bokosili mulisamale kuposa mmene mumasamalira azungu anu," anatero.

"Muli chiyani? Mazira?"

"Limawerenga tinthu tochokera kumwamba. Timatchedwa mamyuwoni. Timagwa usana ndi usiku, timaboola malata, timaboola mutu wanuwo, koma simumva kanthu. Ndawerenga kale kunyumba kwa amayi masiku asanu ndi awiri. Tsopano ndikufuna ndikawerenge kuphiriku, pa Chambe, tione ngati pamwamba timagwa tambiri kuposa pansi."

Ndinagwira pamutu panga. Zaka zonsezi ndinkati dazi langa linabwera ndi nkhata, kani pali zinanso zikundiboola.

Tili m'njira m'pamene anandiuza chimene chinkamudya mumtima. Chaka chatha anachedwa kupereka ntchito ya kusukulu chifukwa anatanganidwa ndi buku lija. Aphunzitsi amene amamuyang'anira, munthu wabwino ndithu koma wosaseka, anamuuza kuti zojambulazo zikumudyera nthawi. Takondwa, ndi kamwa lake lofulumira la kwa mayi ake, analumbira pamaso pawo kuti akapanda kubwera ndi manambala a masiku asanu ndi awiri otsatizana, opanda banga, asiya kujambula mpaka atamaliza digiri. Anamupatsa mpaka Lachitatu la sabata yachiwiri.

"Ndiye palibe vuto," anatero akupuma pa mwala. "Tiyamba lero Lachisanu, timaliza Lachisanu linalo. Loweruka ndikhala ndili ku Blantyre pa chionetsero cha ojambula. Andipatsa tebulo langalanga, amalume. Koyamba."

Ine ndinangoti zikomo, koma mumtima ndinada nkhawa. Kumuletsa Takondwa pensulo n'chimodzimodzi kundiletsa ine kuyenda.

Titafika pa nyumba ya alendo ya pa Chambe, anaika bokosi lake pakona ya khonde, pamthunzi. Kamagetsi kofiira kankaphethira kamodzi ka tinthu tija kakadutsa. Pakapita maola awiri aliwonse, kuyambira m'mawa mpaka madzulo, Takondwa ankalemba m'kope mmene kunja kukuzizirira, n'kuyang'ana mabatire. Pakati pa maola amenewo ankatenga mapepala ake kupita kumtsinje kukajambula miyala ndi mitengo ya mkungudza. Ndinkamuona akubwerera nthawi yake yeniyeni, pensulo ili kukhutu, osachedwa ngakhale mphindi imodzi. Ndinamusirira mwana ameneyu.

Loweruka kunagwa chiperoni. Amene sanakhalepo pa phiri sadziwa chiperoni. Si mvula ayi, ndi nkhungu yonyowa yomwe imalowa paliponse, m'thumba, m'mafupa, m'bokosi la machesi. Ife onyamula katundu tili ndi lamulo limene palibe analilemba: katundu wa mlendo akanyowa, umamuumitsa pamoto mwini wake asanakuuze. Nsapato, masokosi, zikwama, zonse timaziika pafupi ndi moto, ndipo wonyamula katundu amene amadikira kuuzidwa timamuseka ku Likhubula konse.

Masana a tsiku limenelo, Takondwa atapita kumtsinje atafunda pepala lapulasitiki, ndinaona bokosi lija lili ndi timadontho pamwamba. Mtima unandipweteka. Ndinalinyamula bwinobwino pamodzi ndi batire lake, osadula waya uliwonse, ndinakalikhazika pampando pafupi ndi moto m'nyumba. Litauma ndi kufunda, ndinalipukuta ndi malaya anga n'kulibwezera pakona paja mwini wake asanafike. Ndinachita chimodzimodzi Lamulungu, kawiri. Ndinkadzimva kuti ndine malume weniweni.

Lolemba m'mawa ndinamva kukuwa pakhonde. Ndinathamanga poganiza kuti waona njoka. Ndinamupeza akudumphadumpha, kompyuta ili m'manja.

"Amalume, bwerani muone! Taonani apa, ndi apa, ndi apanso! Manambala akukwera katatu konse masana a chiperoni. Zimenezi palibe buku limene linazilemba. Mwina nkhungu ya pa Chambe ili ndi kanthu kena. Mayo ine, aphunzitsi akaona izi agwa pampando!"

Ndinayang'ana mizere ija. Sindidziwa kuwerenga zinthu zotere, koma timapiri titatu tija ndinatizindikira. Kamodzi Loweruka, kawiri Lamulungu.

"Takondwa," ndinatero, "kodi bokosili likafunda limatani?"

"Likafunda limanama. Limawerenga zinthu zomwe palibe. N'chifukwa chake ndinaliika pamthunzi." Anasiya kudumpha. "Bwanji mukufunsa?"

Ndikanatha kukhala chete. Ndinaganizadi zimenezo, sindibisa. Koma mwanayu akanapita nalo bodza langa ku Zomba, n'kukaliimika pamaso pa anthu ophunzira. Ndinavula chipewa ngati ndili pamaso pa apongozi, ndipo ndinamuuza zonse, mpaka za malaya amene ndinapukutira.

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anakhala pansi pa sitepe, kompyuta ili pamiyendo, n'kuyang'ana nkhungu. Kenaka anayamba kuwerenga masiku ndi zala, milomo ikugwedezeka. Kuyambiranso Lolemba masana ndiye kuti kumaliza Lolemba linalo masana. Lachiwiri kutsika, Lachitatu ku Zomba. Zinkatheka, koma Loweruka la ku Blantyre linali pakati.

"Chotsa timapiri timeneto basi," ndinatero ine chitsiru. "Ndani adziwe?"

"Ndidziwa ine," anayankha, osandiyang'ana n'komwe.

"Ndiye pita ku Blantyre, ine nditsale ndi bokosi."

Apa ndiye anandiyang'ana, ndipo ngakhale maso ake anali ndi misozi, anaphulika kuseka. "Inu? Ndidzalipeza mutaliphikira tiyi."

Anadzuka, anazimitsa bokosi, analiyatsanso, n'kutsegula tsamba latsopano m'kope. Pamwamba analemba tsiku ndi nthawi. Kenaka anatenga mtolo wa mabuku aja n'kuukankhira pansi pa bedi ndi phazi. Kuyambira pamenepo sanapitenso kumtsinje, ndipo pensulo sinaonekenso kukhutu kwake. Ankangokhala pafupi ndi bokosi ngati akudikirira wodwala. Masiku atatu ndinamuona akufota.

Lachinayi madzulo ndinakoka mtolo uja pansi pa bedi n'kuumanga m'pulasitiki.

"Mukupita nawo kuti?" anafunsa.

"Ku Blantyre. Kodi si katundu? Ntchito yanga ndi yomweyo."

"Amalume, simudziwa kalikonse za zinthu zimenezi. Akakufunsani mafunso mukayankha chiyani?"

"Ndikayankha kuti mwini wake ali pa ntchito ya boma la kumwamba. Ndilembere pamene pali holo ya chionetserocho."

Anang'amba kapepala m'kope lake n'kujambula mapu, kuyambira pa depoti ya ku Limbe mpaka pakhomo pa holo. A Yakobo, mlonda wa nyumba ya alendo ija, analonjeza kuti amuyang'anira, ndipo ndinawalumbiritsa kuti bokosi asaliyandikire ngakhale litamira.

Lachisanu ndinatsika. Loweruka ndinavala jekete langa la kutchalitchi n'kukwera minibasi, mtolo uli pamiyendo. Zimene ndinaona mu holo ija sindinazionepo chibadwire. Anyamata a ndevu zawo atavala zinyawu za makatoni, atsikana atapaka tsitsi la buluu, wina atanyamula lupanga la thabwa lalitali kuposa iye mwini. Ndinati mumtima, ana awa makolo awo akudziwa? Ndinapeza tebulo lolembedwa kuti Takondwa Pilato, ndinayala mabuku monga mmene amayalira tomato pa msika wa pa Chitakale, ndipo ndinakhala pansi manja ali pamaondo.

Woyamba kuima anali mtsikana wa magalasi. Anatsegula buku, anawerenga tsamba limodzi, n'kuitana anzake mokuwa. "Aise, tabwerani! Ili m'Chichewa, ndipo mayiyu akusenza mtambo pankhata!" Posakhalitsa tebulo linazunguliridwa. Ankaseka malo amene ine sindinkadziwa kuti ndi oseketsa. Mnyamata wa lupanga uja anandifunsa ngati wojambula ndine.

"Ine ndimangosenza," ndinatero. "Wojambula ndi mphwanga. Ali pa Chambe, akuwerenga tinthu timene tikukuboolani mitu panopa."

Anayang'ana kudenga onse. Ndinawafotokozera za mamyuwoni mmene ndinkathera, ndipo ndikukhulupirira kuti theka linali bodza, koma anamvetsera kukamwa kuli yasa. Bambo wina wamkulu, wa ku Phalombe, anafika pa tsamba limene madzi a napolo akutsika phiri usiku, mayi uja ataimirira kutsogolo kwa mudzi ndi nkhata yake yokha. Bamboyo anatseka buku, anapukuta m'maso, n'kunena kuti mudzi wa pa chithunzipo ndi wofanana ndi wa kwawo. Ndinamugwira dzanja. Pofika masana patebulo panalibe buku ngakhale limodzi, ndipo anthu ankalemba manambala a foni kuseri kwa mapu aja kuti Takondwa adzawauze buku lachiwiri likadzatuluka.

Lamulungu ndinapumitsa maondo kwa mlongo wanga. Lolemba ndinalawirira kukwera, ndipo sindikumbuka kuti ndinakwerapo Chambe mofulumira chotero ndili ndi katundu kapena wopanda. Nkhani inkandiyabwa pakamwa njira yonse.

Ndinamupeza ali pakona paja, atafunda bulangete, kope lili pamiyendo, maso ali pa wotchi. Nkhope inali itachepa.

"Takondwa! Mwana iwe, ukanaona..."

Anakweza dzanja osatembenuka. "Dikirani, amalume. Kwatsala mphindi khumi ndi ziwiri."

Ndinakhala pa sitepe, thukuta likuuma pamsana. Mwana amene anadikira zaka ziwiri kuti anthu aone buku lake, nkhani yake ili pakamwa panga pomwepa, iye n'kumati dikirani. Ndanyamulira katundu anthu ambiri otchuka, koma sindinaonepo munthu wouma mtima pa ntchito yake ngati ameneyu. Kamagetsi kaja kankangophethira.

Nthawi itakwana analemba nambala yomaliza, anajambula mzere pansi pake, n'kutsegula kompyuta. Anayang'ana kwa kanthawi, kenaka anaitembenuzira kwa ine. Mzere unali wogona bwinobwino kuyambira Lolemba mpaka Lolemba, wopanda kaphiri ngakhale kamodzi, ndipo unali pamwamba pa mzere wa kunyumba kwa mayi ake.

"Asanu ndi awiri," anatero. "Opanda banga."

Anatseka kope lija n'kuliika pambali. Analowa m'nyumba, ndinamva akufwanthula m'chikwama, ndipo anatuluka ndi pepala loyera ndi pensulo. Anakhala pansi moyang'anana nane, anainola ndi kampeni, n'kuphetha tizinyalala pa bondo.

"Tsopano ndiuzeni," anatero. "Muyambire pakhomo, ndipo musathamange. Woyamba kuima pa tebulo anali ndi nkhope yotani?"